Ng'ombe ikudya koma mkaka ukuchepa: tifunse ndowe ndi chiwindi

Lero tikambirana za ng'ombe ya mkaka yomwe ikudya bwinobwino, madeya ikumaliza, kubzikula ikubzikula, koma nthiti zayamba kuwerengeka ndipo chidebe chokamira sichikudzadzanso. Sikutsokomola, thupi silikutentha, sinagone pansi. Ikungofooka pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, mwini wake akuyang'ana.

Zikatere ambirife timathamangira kusitolo ya mankhwala a ziweto n'kukanena kuti ng'ombe ili ndi njoka. Wogulitsa amatenga botolo lomwe lili pafupi, nthawi zambiri jakisoni wa ivermectin, ife n'kulipira, kubwerera kukabaya, n'kudikira. Ivermectin ndi mankhwala abwino ndithu pa nyongolotsi za m'matumbo, koma akakhala okha sagwira nyongolotsi ya m'chiwindi ngakhale pang'ono. Ndalama yapita, ng'ombe ili chomwecho, ndipo mlimi amayamba kunena kuti mwina ndi mtundu wake, kapena kuti wina waponya diso loipa pakhola. Ine ndikuti tisanagule mankhwala tizidziwa kaye chimene tikulimbana nacho, chifukwa matenda amenewa ali ndi njira zowadziwira, ndipo zina mwa njirazo n'zotsika mtengo kuposa botolo lomwe tikugulalo.

Nyongolotsi yomwe ndikunenayi akatswiri amaitcha Fasciola gigantica. Dzinali analipereka ndi Mngelezi wina, Thomas Spencer Cobbold, m'chaka cha 1855, ataipeza m'chiwindi cha nyamalikiti. Si yobulungira monga njoka za m'mimba tinazolowerazi, ndi yaphanthiphanthi ngati tsamba la nsungwi, ndipo ikakula imafika masentimita 7. Imakhala m'timipaipi todutsa ndulu m'kati mwa chiwindi, kumeneko n'kumayamwa magazi ndi kukanda m'mbali mwa timipaipito. Imodzi yokha ingathe kuikira mazira zikwizikwi pa tsiku. Mazirawo amatsika ndi ndulu kulowa m'matumbo, n'kutuluka ndi ndowe.

Apa mpamene pali nkhani. Dzira lija likagwa pouma limafa. Likagwa m'madzi, pakapita masabata awiri kapena atatu limaswa kachilombo kosaoneka ndi maso, kamene kayenera kupeza nkhono pasanathe tsiku, apo ayi kamafa. Kakalowa m'nkhono kamachulukana m'menemo, kamodzi n'kubala mazana, ndipo pakapita mwezi ndi theka kapena iwiri tizilombo timatuluka, kusambira, kukamatirira pa udzu womera m'madzi n'kudzikuta ndi chikhungwa cholimba. Pamenepo tingathe kudikira miyezi ngati pali chinyezi ndi mthunzi. Ng'ombe ikadya udzuwo, kachilombo kamaboola thumbo, kukafika pachiwindi, n'kuyamba kufukula njira m'kati mwake kwa masabata angapo kasanakhazikike m'mipaipi ya ndulu. Gawo la m'nkhono la ulendowu analifotokoza koyamba, pa nyongolotsi ya mtundu wapafupi ndi yathuyi, ndi anthu awiri ogwira ntchito payekhapayekha, Algernon Thomas ku Oxford ndi Rudolf Leuckart ku Germany, pakati pa 1881 ndi 1883, matendawa atangopha nkhosa pafupifupi 3 miliyoni ku Britain. Kufikira nthawi imeneyo alimi a kumeneko ankangodziwa kuti nkhosa zodya m'malo a lowe zimaola chiwindi, osadziwa kuti mwini mlandu ndi nkhono.

Nkhono yake si ija yaikulu yoyenda m'munda mvula ikagwa. Ndi kankhono ka m'madzi, ka chigoba chopyapyala chofiirira, kotalika masentimita awiri kapena kuchepera, kotchedwa Lymnaea natalensis. Kamakonda madzi osaphwa chaka chonse, oyenda pang'onopang'ono, okhala ndi zomera: m'madamu, m'maiwe a m'dambo, m'mbali mwa Bua ndi Kasangadzi, m'ngalande za kudimba. Mukakagwira nsonga ili m'mwamba, kukamwa kwa chigoba kukuyang'ana inu, kukamwako kumakhala kudzanja lamanja. Kukakhala kumanzere, mwina mwagwira nkhono ya likodzo, ndiye musamasewere m'madzi amenewo opanda nsapato za mphira.

Ndikudziwa wina akuti: yanga siituluka m'khola, ndimaidulira udzu, madzi ndimaitungira, nanga nkhono ikumana nayo kuti? Tate wanga, funso ndi lakuti udzuwo mumaudula kuti mwezi wa Sepitembala ndi Okutobala. Nsenjere za kumunda zatha, mapesi atha, kumtunda konse kwapsa ndi lupsa, pobiriwira patsala m'dambo pokha. Mumalawirira ndi chikwakwa, kumweta udzu wa m'mphepete mwa dziwe mpaka m'tsinde, kumanga panjinga, kukaukhuthula m'chodyera ukadali wonyowa. Ng'ombe sinapite kudambo, koma dambo mwabwera nalo nokha. Madzi otunga pachithaphwi pomwe ng'ombe za m'mudzi zimamwera ndi kunyera nawonso amanyamula tizilomboti. Ng'ombe zachikuda zija zoyenda ndi abusa ndizo zimadzala mazira m'dambo, ndipo izo zimapirira ndithu. Ng'ombe ya mkaka ya mtundu wa Friesian kapena Jersey, yomwe thupi lake lonse likugwira ntchito yopanga mkaka, ilibe magazi otaya.

Nkhani ya nyengoyi si yongoganizira. Akatswiri awiri, Mzembe ndi Chaudhry, anafufuza matendawa kuno ku Malawi n'kusindikiza zimene anapeza mu 1979 ndi 1981, gawo loyamba la nkhono, lachiwiri la ng'ombe. Chithunzi chake n'chakuti ng'ombe zimatenga tizilomboti makamaka m'chilimwe, pamene ziweto ndi nkhono zaunjikana pamadzi ochepa otsala, koma kudwala kwenikweni kumadzaonekera mvula itagwa. N'chifukwa chake matendawa amapusitsa. Ng'ombe ikamaonda mu Okutobala timati ndi njala, ndipo nthawi zambiri n'zoona. Koma ikafika Januwale, msipu uli mbwee, zinzake zanona, iyo ikadali mafupa okhaokha, pamenepo njala isanamiziridwenso.

Anzathu a ku India, Pakistan ndi Egypt vutoli amalidziwa kuposa ife, chifukwa iwo amakama njati. Musadabwe, si njati yolusa ya ku Kasungu kapena ku Nkhotakota, imene palibe anaiwetapo. Yawo ndi njati ya m'madzi, yofatsa, ya mitundu monga Murrah ndi Nili-Ravi, ndipo ku India gawo lalikulu la mkaka wa dzikolo limachokera kwa iyo. Nyama imeneyi kukatentha imakagona m'thope ndi m'ngalande za mpunga, momwemo muli nkhono. Ofufuza a ku Asia anaona kuti tizilombo timamatirira kwambiri kumunsi kwa phesi la mpunga, pamene madzi ankalekeza, ndiponso kuti kuyanika mapesiwo padzuwa mpaka kuuma kumatipha. Phunziro limenelo ndi lathu lomwe: udzu wa m'dambo muziudula m'mwamba, kusiya tsinde lomwe linali m'madzi, ndipo uziyamba wauma padzuwa usanalowe m'khola.

Tsono tidziwa bwanji kuti ng'ombe ili nazo? Poyamba ndi maso ndi manja anu. Igwireni mutu, mutsitse chikope cha m'munsi ndi chala. Ng'ombe ya magazi okwanira m'kati mwa chikope mumakhala mofiirira bwino. Yomwe ikuyamwidwa magazi mumakhala motuwa, nthawi zina moyereratu. Onaninso nkhama ndi kumaliseche. Kenako pisani dzanja pansi pa chibwano, pakati pa nsagwada ziwiri. Mukapeza chotupa chofewa, chozizira, chosapweteka, choti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje, amenewo ndi madzi, ndipo akusonyeza kuti magazi asungunuka chifukwa chiwindi chalephera ntchito. Chotupacho chimatha kukula ng'ombe ikaweramira nthawi yaitali n'kuphwa ikaimika mutu, ndiye musanyengedwe kuti chapola. Ubweya umayima n'kutuwa, ndowe nthawi zina zimafewa, ndipo ng'ombe imachedwa kufuna nkhunzi kapena kubwereza kangapo osatenga bere.

Koma kunena zoona zizindikiro zonsezi sizikwanira kugamula mlandu. Nyongolotsi zoyamwa magazi za m'chifu nazo zimatuwitsa maso ndi kutupitsa chibwano. Alimi a kum'mawa kwa Ntchisi, kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota komwe kuli kashembe, amadziwa kuti kaodzera amaondetsa ng'ombe mofananamo. Chifuwa chachikulu chimaondetsa, matenda a nkhupakupa amachepetsa magazi, ngakhale kuti chigodola chimadziwika msanga ndi kutentha thupi ndi kutupa kwa mwanabere. Maso amangokuuzani kuti pali vuto. Dzina la vutolo lili m'ndowe.

Kuyeza kwake n'kosavuta moti mukaona mungadabwe kuti bwanji sitichita kawirikawiri. Pamafunika ndowe zatsopano, zotapa m'kati mwa ng'ombe ndi dzanja lovala pulasitiki, kapena zapamwamba pa mulu womwe wangogwa kumene, osati zokhudza dothi. Zodzadza masupuni awiri zakwana. Muike m'kajumbo koyera, mumange, mulembe dzina la ng'ombe ndi tsiku, musunge pozizira, zifike kwa woyeza tsiku lomwelo kapena mawa lake. Woyeza amasungunula ndowezo m'madzi wamba, kusefa ndi sefa yonga ya tiyi kuti zinyalala zitsale, n'kusiya madziwo m'kapu kwa mphindi 3 mpaka 5. Mazira a nyongolotsi imeneyi ndi olemera, amamira. Amakhuthula madzi a pamwamba mosamala, kuthiranso ena, kudikiranso, mpaka katatu kapena kanayi, kufikira madzi atayera ndipo pansi patsala matsenga ochepa. Pamatsengapo amadonthezera mankhwala a buluu otchedwa methylene blue, n'kuika pa maikulosikopu. Zinyalala zonse zimasanduka zabuluu, koma dzira silitenga mtunduwo. Limaoneka lachikasu chowala, lozungulira motalikirapo, lili ndi kachivindikiro kumapeto kumodzi. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyeza wopupuluma amene wangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti mulibe kanthu sanayeze, chifukwa m'ndowe za ng'ombe mazirawa amakhala ochepa, ndipo limodzi lokha likapezeka ndiye kuti nyongolotsi ilimo.

Chinthu chimodzi muzifunsa: kodi ayeza pomiza kapena poyandamitsa? Njira yozolowereka yoyezera nyongolotsi za m'matumbo ndi ya madzi a mchere, momwe mazira opepuka amayandama. Mazira a m'chiwindi m'madzi amenewo sakwera. Ng'ombe ingathe kuuzidwa kuti ilibe njoka pamene chiwindi chili chodzadza, chifukwa chabe choti inayezedwa ndi njira ya matenda ena. Palinso nyongolotsi ina yokhala m'chifu chachikulu, ija yofiira yonenepa yomwe mumaiona itamatirira pa nthumbwana mukamatsuka zam'kati. Mazira ake amafanana kukula ndi a m'chiwindi, kusiyana kwake n'kwakuti ndi otuwa, osati achikasu. Woyeza wosazolowera amasokoneza ziwirizi.

Ndipo ndowe zili ndi malire ake, izi ndiye muzisunge. Kuchokera tsiku lomwe ng'ombe yadya udzu wa tizilombo kufika tsiku lomwe dzira loyamba lituluke, pamapita masabata 12 mpaka 16. Miyezi itatu kapena inayi imeneyo nyongolotsi zazing'ono zikung'amba chiwindi koma sizinayambe kuikira. Ng'ombe yomwe inadya udzu wa m'dambo mu Okutobala, mukaiyeza mu Novembala ndowe zidzati ilibe kanthu, ndipo zidzakhala zikunama. Muiyezenso mu Januwale kapena Febuluwale. Ngakhale nyongolotsi zitakula, mazira satuluka mofanana tsiku lililonse, chifukwa amayamba aunjikana m'thumba la ndulu. Choncho kuyeza kamodzi n'kupeza kuti mulibe sikutseka nkhani ngati ng'ombe ikupitirira kuonda.

Kumene kuli zipangizo, mpata wa miyezi itatuwu amautseka poyeza magazi. Njira yotchedwa ELISA imaona chitetezo chimene thupi lapanga polimbana ndi nyongolotsi, ndipo imagwira pakangopita masabata awiri mpaka anayi. Vuto lake n'lakuti chitetezocho chimakhalabe miyezi ingapo ngakhale nyongolotsi zitafa, ndiye siisiyanitsa ng'ombe yodwala lero ndi yomwe inachira. Ku Ulaya njira yomweyi amaigwiritsa ntchito pa mkaka wa m'thanki, kabotolo kamodzi n'kudziwa ngati khola lonse lili pangozi. Ndikaona thanki yoziziritsira mkaka pamalo athu osonkhanitsira, momwe mwalowa mkaka wa alimi a midzi ingapo, ndimaona kuti chipangizo chofufuzira tili nacho kale. Kabotolo kamodzi pa miyezi itatu kotumizidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe kapena kwa ophunzitsa za ziweto ku Bunda kangatiuze zambiri za dera lonse. Mponela ndi Lilongwe ndi mtunda wa ola limodzi pamsewu wa M1, ndipo galimoto ya mkaka imayenda msewu womwewo. Ili ndi pempho langa kwa a CREMPA, bungwe la alimi a mkaka m'chigawo chapakati, ndi kwa a zaulimi a Kasungu ADD omwe Dowa ndi Ntchisi zili m'manja mwawo.

Koma malo oyezera omwe ndimawadandaula kwambiri ndi pophera nyama. Tsiku la msika ng'ombe zimaphedwa, ndipo woyang'anira nyama amacheka chiwindi chilichonse. Chiwindi chabwino ndi chosalala, mpeni umangolowa. Chodwala chimakhala cholimba, chotuwa mbali ina, ndipo mipaipi ya ndulu imaonekera pamwamba, yoyera, yokhuthala. Mpeni ukafikapo umalira kuti khwee chifukwa m'mbali mwake mwauma miyala. Akafinya, mumatuluka madzi akuda a matsenga, kenako nyongolotsi zimasololoka zikuvinyuka. Palibe makina oposa pamenepo. Ku Zambia, kafukufuku wa Phiri ndi anzake wofalitsidwa mu 2005 anapeza nyongolotsizi m'ziwindi za ng'ombe zoposa theka mwa zimene anaziona m'malo ophera nyama. Kwathu kuno chiwindi chotere chimatayidwa, wogula ng'ombe amadandaula za ndalama yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlimi amene anagulitsa ng'ombeyo samva kanthu. Anansi ake odula udzu m'dambo lomwelo samva kanthu. Chikalata chololeza kuyendetsa ng'ombe chimanena mudzi womwe yachokera, ndiye chovuta n'chiyani kuti mlangizi wa ziweto wa dera limenelo auzidwe kuti dambo lakutilakuti latulutsa ziwindi zoola zitatu mwezi uno? Inunso mukagulitsa ng'ombe, kapena mukapha pamaliro kaya paukwati, pitani mukaone chiwindi ndi maso anu. Mbuzi ndi nkhosa nazo muziona, pakuti matenda ndi omwewo, ndipo nkhosa zimatha kungofa mwadzidzidzi.

Kudziwa kumeneku n'kumene kumasankha mankhwala. Mazira akapezeka m'ndowe, ndiye kuti muli nyongolotsi zazikulu, ndipo oxyclozanide amazipha, komanso masiku otaya mkaka ndi ochepa. Albendazole amapha zazikulu zokha, pa mlingo wokwererapo kuposa wa njoka za m'matumbo, ndipo saperekedwa kwa ng'ombe yomwe yangotenga bere kumene chifukwa amatha kuwononga thole m'mimba. Amene amafikira zazing'ono zomwe zikufukula chiwindi ndi triclabendazole, koma amakhalitsa mumkaka, choncho nthawi yake yabwino ndi pamene mwasiya kukama ng'ombe ikuyembekezera kubereka. Ena monga nitroxynil, closantel ndi rafoxanide si a ng'ombe yomwe mkaka wake ukupita kwa anthu. Werengani chizindikiro cha pabotolo, ndipo ngati chalembedwa m'Chingerezi chovuta, mlangizi akuwerengereni. Mkaka wa masiku oletsedwa musaupititse kuthanki, musaupangenso chambiko cha ana. Ndikudziwa kuti kutaya mkaka kumawawa. Koma tiyerekeze ng'ombe yomwe inkapereka malita 12 yatsika kufika pa 9: amenewo ndi malita 90 pa mwezi omwe mukutaya kale mosaona.

Mlingo uziyendera kulemera kwa ng'ombe, poyeza ndi tepi pachifuwa, osati pongoyang'ana. Kupereka mlingo wochepa pofuna kuti botolo likwanire ng'ombe ziwiri kumasiya nyongolotsi zolimba zili moyo. Ku Australia anayamba kuona nyongolotsi zosamva triclabendazole mu 1995, ndipo vutolo lafalikira m'maiko ambiri. Mankhwala opha zazing'ono tilibe ena ambiri oti tithawireko.

Mawu awiri okhudza anthu. Matendawa amagwiranso munthu, ndipo bungwe la WHO limati anthu osachepera 2.4 miliyoni ali nawo m'maiko oposa 70. Munthu satenga pomwa mkaka kapena podya chiwindi chophika. Amatenga monga momwe ng'ombe imatengera, podya masamba aawisi omera m'madzi kapena othiriridwa ndi madzi a m'dambo, ndi pomwa madzi a pachithaphwi. Ndiwo zophika zilibe vuto. Mantha anga ali pa saladi wa kabichi ndi letesi wa kudimba, ndi ana obusa amene amatafuna mapesi a udzu wa m'madzi.

Mukamwetsa mankhwala musaiwale kubwereranso kwa woyeza. Dikirani masabata atatu, kuti mazira otsalira m'thumba la ndulu atuluke onse, kenako mutapenso ndowe. Mazira akapezekabe, mwina mlingo unachepa, mwina mankhwala anali otha mphamvu kapena achinyengo, mwina nyongolotsi zazing'ono zomwe sizinafe zakula tsopano. Zonsezi mlangizi ayenera kuzidziwa, ndipo botolo lopanda kanthu lija musataye, mupite nalo kuti aone dzina lake, nambala yake ndi tsiku lothera ntchito.